Ufa Umene Amalume Anawaza pa Injini

Amalume anga a Lazarus Goliati ali ndi chipsera chachikulu pa mkono wamanja, kuchokera pa chigongono kufika kuzala. Tili ana tinkaopa kuchiyang'ana. Anachitenga ku Joni, chaka chawo chachitatu ku mgodi, tsiku limene anatsekula chivindikiro cha rediyeta ya lole injini ikadali yotentha, chifukwa kapitawo ankawafulumizitsa. Madzi owira anawalumphira. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene anawafulumizitsanso pa ntchito, ngakhale akazi awo, azakhali a Aida, amene akhala nawo zaka makumi anayi.

Ku Joniko anapita ali mnyamata. Anayamba ndi mapampu otulutsa madzi pansi pa mgodi, kenako anawasamutsira ku galaja. Pobwerera kuno ku Bwanje anabwera ndi bokosi la masipanala, chipewa cholimba cha kumgodi chimene lero amaikamo mabawuti, ndi mawu amodzi amene sawasiya: "Aikona," ndiye kuti ayi m'chilankhulo cha kumgodi. Galaja yawo ndi mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba. Zigayo, mapampu a m'dimba, timathirakitala ta ku sikimu ya mpunga, zonse zikadwala zimathera pansi pa mtengo umenewo. Ine dzina langa ndine Tikondwe, mwana wa mlongo wawo. Sukulu ndinalekeza sitandade 7, koma zimene anachita amalume mu Okutobala chaka chatha ndafuna ndizilembe ndekha, popeza ndinaziona ndi maso anga.

Mwana wanga Pauline anabadwa ndi mlomo wong'ambika. Poyamwa mkaka unkatulukira m'mphuno. Atakwana miyezi isanu ndi inayi, anamwino a kusikelo anandiuza kuti dzina lake lalowa pa mndandanda wa ana okasokedwa milomo ku Blantyre, ndipo basi idzanyamula ana a boma lonse ku Ntcheu Lachinayi 10 koloko m'mawa.

"Mukaiphonya, amayi, ndi chaka chamawa," anatero anamwinowo. "Ndiponso asabwere ndi chifuwa kapena chimfine, samugoneka mwana wotsokomola. Musamukweze pa njinga yamoto ndi fumbi ili."

Sindinade nkhawa, chifukwa amuna anga a Chrispine ali ndi pikapu yakale yonyamulira mpunga. Injini yake inafa mu Juni, ndipo amalume anaimasula yonse, chidutswa chilichonse pachokha pa chiguduli, n'kuimanganso mwatsopano. Zinawatengera miyezi iwiri. Mu Seputembala galimoto inkayenda ngati yamoyo wachiwiri. Kenako inayamba kumwa madzi. Kuno kuchigwa, poti n'pathyathyathya, inkayenda bwino. Koma ikangoyamba kukwera chitunda chopita ku boma, muvi wa kutentha unkathamangira pofiira, ndipo rediyeta inkapezeka itatsala theka. Chodabwitsa, ikaima pakhomo usiku wonse, pansi pamakhala pouma, popanda ndi dontho lomwe.

Anzawo a Chrispine pamsika anayamba kulankhula. Ena ankati gasiketi yapsa, ena ankati madala aja maso anatha, anamanga injini mopapasa. A Chrispine zinawalowa m'mutu, ndipo anakana kubwerera kwa amalume. Lolemba la sabata la ulendowo, madzulo, anandiuza kuti, "Mayi a Pauline, mtima m'malo. Ndakonza ndekha." Tsiku lomwelo ndinapeza nkhuku yanga, imene inkafungatira mazira asanu ndi anayi, yatsala ndi asanu ndi awiri. Ndinaganizira galu. Koma potaya phulusa ndinaona zikamba za mazira kudzala, zosweka bwinobwino pakati monga amaswera munthu.

Lachiwiri a Chrispine anayesa kukwera chitunda ndi matumba a mpunga. Sanafike ndi pakati pomwe. Anabwerera akuima paliponse, nthunzi ikutuluka mu boneti. Lachitatu m'mamawa ndinabereka Pauline n'kupita ndekha kwa amalume.

Anabwera ndi bokosi lawo, pampu ya njinga, ndi kachivindikiro kakale ka rediyeta kamene anakaboola pakati n'kuikapo valuvu ya chubu cha njinga.

"Mwadzuka bwanji, akamwini?" anatero kwa amuna anga. "Ndamva kuti maso anga anatha. Tiyeni mundigwire dzanja mundifikitse pa injini."

A Chrispine anaseka kuseka kopanda mano, n'kutsekula boneti.

Amalume anayamba ndi kusolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kupaka oyiloyo pa chala. Anali wakuda bwinobwino. Anati gasiketi ikapsa madzi amalowa mu oyilo, ndipo amaoneka ngati tiyi wamkaka. Analiza injini pang'ono, n'kupita kumbuyo kukayang'ana utsi. Sunali woyera. Anayang'ana m'kamwa mwa rediyeta ngati mukutuluka thovu. Munalibe.

"Gasiketi ilibe mlandu," anatero. "Madzi akuthawira panja. Tikondwe, kanditengere ufa woyera m'mbale. Osati mgaiwa."

"Ufa, amalume?"

"Ufa. Wamva bwino."

Injini itazizira anaipukuta yonse ndi sanza mpaka inauma gwa. Kenako ankatapa ufa pa chikhatho n'kumauzira, mbali iyi, mbali iyo, m'mapaipi, pansi pa pampu ya madzi, mpaka injini yonse inayera ngati munthu wochokera kuchigayo. Anadzaza rediyeta, anatseka ndi kachivindikiro kawo kaja, n'kulumikiza pampu ya njinga. Anandifotokozera kuti injini ikatentha pachitunda madzi amakankha mwamphamvu m'kati, ndiye pampuyo ikankha chimodzimodzi injini ili yozizira. Pamene madzi atulukire, ufa uda.

A Chrispine anapopa kasanu ndi kawiri, amalume n'kuwaletsa. Tinadikira. Dzuwa linali litayamba kale kuwotcha. Pauline ankalira kumbuyo, ine ndikumugwedeza, maso ali pa ufa. Panapita nthawi yoti mphika wa madzi ukadawira. Ufa unali mbee paliponse.

Amalume anamasula pampu ya njinga ija. Anatulutsa mpweya, anachotsa kachivindikiro, n'kupisa chala m'kamwa mwa rediyeta. Chala chinatuluka ndi tizinthu toyera tonga ulusi. Ananunkhiza.

"Akamwini, mwathiramo chiyani umu?"

"Madzi basi, amalume."

"Madzi a kwanu amaikira?"

"Mwina ndi dzimbiri."

"Dzimbiri loyera? Zaka zonsezi sindinalionepo."

A Chrispine anayang'ana ine, ndipo ndinadziwa chimene maso awo ankapempha. Mkazi saulula mwamuna wake pamaso pa akuchikazi, amayi anandiphunzitsa choncho. Koma mawa linali Lachinayi.

"Ndi mazira a nkhuku yanga, amalume," ndinatero. "Awiri. Lolemba."

"Mayi a Pauline!"

"Pepani, bambo a Pauline, koma basi sidikira manyazi athu."

Amuna anga anayamba kufotokoza kuti madalaivala onse a minibasi amatero, kuti dzira likapsa m'madzi otentha limakatseka pobooka. Amalume anagwedeza mutu.

"Limatseka, inde. Limatseka pobooka kwa tsiku limodzi, n'kutsekanso timipata ta rediyeta kwa chaka. N'chifukwa chake dzulo yawira msanga. Tsopano dzira lanulo labisa bala, ndipo ine sindingasoke bala limene sindikuliona. Tikondwe, tereka madzi. Miphika yonse imene uli nayo. Ubweretsenso soda wa therere."

Ntchito yotsuka inatidyera m'mawa wonse. Anamasula rediyeta, anaigoneka chadodolido, n'kumathira madzi otentha a soda kuchokera kumunsi kuti zinyalala zibwerere kumene zinalowera. Munkatuluka zidutswa za dzira, matope ofiira, ndi zoyera ngati mchere. Mu injini namonso anatsukamo katatu. Ine ndinkangothamanga pakati pa moto ndi galimoto. A Chrispine sankandiyang'ana, koma ndowa ankandilandira.

Cha m'ma 2 koloko anamanganso zonse, anapukuta, anawaza ufa wina. A Chrispine anapopa. Ulendo uno sitinadikire nthawi yaitali. Amalume, amene anali atagona chagada pansi pa galimoto, anaitana.

"Tikondwe, thamanga kwa azakhali ako, akupatse kagalasi kawo koyang'anira nkhope."

Nditabwera nako anakalowetsa kuseri kwa chitsulo chimene utsi umatulukira mu injini, n'kundiuza kuti ndiyang'ane. M'galasimo ndinaona kachitsulo kozungulira, kolowa m'kati ngati chitsekerero cha botolo chotembenuza. Ufa wa pamenepo unali utada, ndipo kamzere konyowa kankatsika pang'onopang'ono ngati msozi.

"Ndi chimenecho," anatero amalume. "Pulagi ya m'mbali mwa injini. Yabooka kabowo ngati ka singano. Madzi akatuluka amagwera pa chitsulo cha utsi chotenthacho n'kuuma pomwepo. N'chifukwa chake pansi simunkaona kanthu."

Anatuluka pansi pa galimoto, anakhala pa tayala, n'kuvula chipewa. Sindinawaonepo nkhope ili choncho.

"Akamwini, apa mlandu ndi wanga. Mapulagi amenewa alipo asanu. Paketi inabwera ndi anayi olingana. Yachisanuyi ndinaipala, ndinaona ngati ili bwino, ndinaisiya. Dzimbiri linali litaidya m'kati. Anzanu aja pamsika sananame kwenikweni."

A Chrispine anakanda kumutu. "Inenso, amalume, madzi a mvula a mu mgolo wanu aja munandiuza, sindinkabwera kudzatunga. Ndinkathira a pamjigo."

"A mchere aja? Amene ngakhale sopo sachita thovu?"

"Omwewo."

"Ndiye tonse awiri tikagwade kwa mwanayu," anatero amalume, akuloza Pauline.

Ine za kugwada sindinkazifuna. Ndinkafuna pulagi. A Chrispine anaimba foni kumasitolo a zipangizo ku Balaka ndi ku boma. Wina anati alibe, wina anati ya saizi imeneyo ibwera Lachisanu. Nditamva mawu oti Lachisanu ndinakhala pansi pafumbi. Ndinayamba kuganiza zomukulunga Pauline mu bulangete n'kukwera njinga yamoto, kaya atsokomola kaya satsokomola.

"Aikona," anatero amalume ngati amva maganizo anga. "Dzuka. Tiye kwathu."

Kuseri kwa nyumba yawo kuli chimtembo cha injini yakale ya mtundu womwewo, imene inang'ambika zaka zambiri zapitazo. Azakhali amamangirirapo mbuzi. Amalume anamasula mbuziyo n'kundipatsa chingwe.

"Mukundichotsera chikhomo changa?" anafunsa azakhali ali pakhonde.

"Ndikungobwereka mabatani ake, mayi."

"Mubweze. Zanu zobwereka ndimazidziwa."

Pa chimtembocho panali mapulagi awiri a saizi yofunikayo, achikasu, a mkuwa, amene dzimbiri siligwira. Vuto linali kuwatulutsa osawapweteka, popeza pulagi amaikhomera kuti isadzatulukenso. Amalume analowetsa kachitsulo kudzera pa bowo la mbali ina kuti aigogode kuchokera m'kati. Anagogoda pang'onopang'ono. Yoyamba inapendekeka, inakana, kenako inatuluka itapindika m'mphepete ngati khutu la galu. Anaiyang'ana, n'kuiponya m'chipewa.

Inatsala imodzi.

"Amalume, dzuwa likupita," ndinatero.

Amalume anatenga kabotolo m'bokosi lawo. Anathira mafuta a dizilo m'mphepete mwa pulagi yachiwiriyo, n'kukhala pansi kudikira kuti alowerere. Anapempha madzi akumwa. Anamwa mosafulumira. Ine ndinaluma mlomo kuti ndisalankhule mawu oipa kwa mlongo wa amayi anga. Kenako anayamba kugogoda, kamodzi uku, kamodzi uko, akumvetsera kulira kwa chitsulo. Sindikudziwa kuti anagogoda kangati. Ndinangomva kuti ngwe, pulagi yagwera m'dzanja lawo, yozungulira bwinobwino.

Titabwerera ku galimoto, kuti aifikire pulagi yobookayo anayenera kumasula chitsulo cha utsi chija. Bawuti imodzi inalimba, ndipo a Chrispine anafuna kuponda sipanala ndi mwendo.

"Mukaithyola, akamwini, mwanayu mumubereka wapansi mpaka ku boma."

Anaimenya pamutu ndi hamala, anathira dizilo, anayesa kumanga pang'ono asanamasule, ndipo inalola. Pulagi yakale anaiboola n'kuikoka. Kumbuyo kwake kunali kodyeka ngati tsamba la mbozi. Anapala m'bowomo ndi sandipepa mpaka munawala, anapaka guluu wa gasiketi m'mphepete mwa pulagi ya mkuwa, anaikhazika molunjika, n'kuikhomera pogwiritsa ntchito soketi ya sipanala yolingana nayo. Anati tisaigwire mpaka guluu agwire. Dzuwa litatsala pang'ono kulowa kuseri kwa mapiri, anathira madzi a mvula a mu mgolo wawo, anawaza ufa kachitatu, a Chrispine n'kupopa. Tinayang'ana m'kagalasi tonse atatu mosinthana mpaka kuwala kunachepa. Ufa sunade.

Lachinayi tinanyamuka 6 koloko. Ine ndi Pauline kutsogolo, mawindo otseka, amalume kumbuyo ndi chigubu cha madzi, bokosi lawo, ndi kachitini ka ufa. Kuchigwa muvi unakhala pakati. Tinayamba chitunda. Ine msewu sindinkauona, ndinkangoyang'ana muviwo. Pa khona yoyamba unasuntha pang'ono. Pa yachitatu unapitirira pakati. Titafika pamene msewu umapapatiza pakati pa thanthwe ndi phompho, unagunda pofiira.

A Chrispine anaimitsa, anazimitsa injini, analumpha ndi sanza m'manja n'kutsekula boneti. Dzanja lawo linali likupita pa chivindikiro.

"Aikona!"

Sindinadziwe kuti munthu wa zaka zawo angatsike galimoto msanga choncho. Anagwira dzanja la amuna anga.

"Amalume, 8 koloko yadutsa kale!"

"Idutse. Tidikira izizire."

"Asiyeni atsekule, amalume!" ndinakuwa ine ndili pawindo. "Mwana wanga atsala chifukwa cha kuzengereza kwanu!"

Anapinda malaya n'kundionetsa mkono uja, umene ndinkauopa ndili mwana.

"Ukufuna ku chipatala ukafike ndi wodwala mmodzi kapena awiri? Nanga akapsa uyu, ayendetse ndani? Ine maso anga anatha, sunamve?"

Tinadikira. Njinga zamoto ziwiri zinatidutsa, ndipo iliyonse ndinkaitsatira ndi maso mpaka fumbi lake litatha. Amalume anauzira ufa pa pulagi yawo ndi m'mapaipi. Panalibe ponyowa. Anafinya paipi yapamwamba ya rediyeta, n'kumvetsera.

"Si kudontha," anatero. "Ndi mpweya. Unatsalira m'kati dzulo pothira madzi. Chitunda chaubweretsa kutsogolo."

Ankayesa rediyeta ndi kuseri kwa dzanja, kudikira, kuyesanso. Nthawi pa foni inali 8:40, kenako 8:50. Pamene anatha kusiya chikhatho pa chitsulo osachichotsa, anaphimba chivindikiro ndi sanza, anachipotokola pang'ono, mpweya unalira kuti psii, anadikiranso, kenako anatsekula. Anauza a Chrispine kuti alize injini galimoto ili chiyang'anire kumtunda. M'kamwa mwa rediyeta munatuluka thovu lalikulu, lina, linanso, madzi n'kutsika. Anathira makapu atatu okha a m'chigubu. Thovu linasiya. Anatseka.

"Tiyeni. Giya yachiwiri, osaithamangitsa."

Muvi unabwerera pakati ndipo sunasunthenso. A Chrispine anayendetsa atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, thukuta likutsika m'khosi. Titatulukira pamwamba n'kugwira tala, anayang'ana kumbuyo kudzera pagalasi, amalume n'kuwakodola kuti tsopano apondeko.

Tinalowa pachipata cha chipatala kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi kuti 10 koloko ikwane. Basi inali italiza kale injini, amayi ndi ana ali m'kati. Mayi wa mndandanda anaima pakhomo la basi ndi cholembera.

"Pauline wa ku Bwanje? Ndaitana kawiri, amayi inu. Ndimati ndidule."

"Tabwera," ndinatero. Anamugwira Pauline pachipumi, anamumvetsera kupuma, n'kutiuza kuti tikwere. Pawindo ndinaona a Chrispine atakhala pansi potsamira tayala, ndi amalume atatsekula boneti, kagalasi ka azakhali kali m'manja.

Tinabwerako patatha masabata awiri. Nditafika kwa amalume ndinawapeza pansi pa bwemba akumasula pampu ya munthu wina. Anasamba m'manja ndi sopo kawiri asanamunyamule Pauline. Anamutembenuzira kowala, anayang'ana mlomo wake mbali iyi ndi mbali iyo, nthawi yaitali, monga amayang'anira ntchito ya makaniko mnzawo.

"Amene anasoka apa sanafulumire," anatero.

Azakhali anafunsa za kagalasi kawo. Kanali kakadali mu bokosi la masipanala, kodetsedwa ndi oyilo. A Chrispine masiku ano amabwera okha ndi chigubu kudzatunga madzi a mu mgolo, ndipo nkhuku yanga inaswa anapiye asanu ndi awiri.